Mibadwo Itatu ya a Mkandawire ndi Chiyankhulo cha Wophunzira Zachuma Kunja

Mu 1995 a Thandika Mkandawire adasindikiza nkhani yaifupi yotchedwa "Three Generations of African Academics", ndipo kufikira lero ambiri ofuna kulongosola mbiri ya aphunzitsi a m'mayunivesite a mu Africa amayambira pa nkhani imeneyi. Ndaiwerenganso posachedwapa pamodzi ndi ina imene adaitulutsa mu African Studies Review mu 2014, yofotokoza m'mene ziphunzitso za zachuma zidafalikira m'maiko athu atalandira ufulu wodzilamulira. Ine sindine katswiri wa zachuma. Ntchito yanga ndi ya ziyankhulo. Komabe pakati pa nkhani ziwirizi paima munthu mmodzi, wophunzira amene amasiya kwawo kukachita digiri yachiwiri kapena yachitatu ya zachuma kudziko la eni. Chimene ndikufuna kufunsa ndi ichi: munthuyu akamabwerako, amakhala akuyankhula chiyankhulo chanji, nanga amayankhula ndi yani?

Mfundo ya nkhani ya 1995 ndi yosavuta kuigwira. M'badwo woyamba udaphunzira ku Ulaya ndi ku America m'zaka zoyandikira ufulu, ndipo ambiri adabwerera kudzatenga mipando imene azungu ankaisiya m'mayunivesite atsopano. M'badwo wachiwiri udalandira digiri yoyamba kwawo, n'kupita kunja kukapitiriza, koma ambiri sadabwerere: kwawo kudali ndale zopondereza, malipiro adali atatha mphamvu, ndipo mipando idali itadzaza kale. M'badwo wachitatu udaphunzira zonse kwawo, pa nthawi imene thandizo lophunzirira kunja lidaphwa ndiponso mabuku atsopano adasiya kufika m'malaibulale. Ubwino wa kagawidwe kameneka ndi wakuti sikaweruza munthu. Wokhalira kunja satchedwa mtchona wopanda chikondi pa dziko lake, ndipo wotsala satchedwa wolephera. Aliyense aonetsedwa ali m'kati mwa nyengo imene idamuumba.

A Mkandawire ankalemba zimene adadutsamo. Adabadwa mu 1940, adaphunzira zachuma ku Ohio State University, ndipo boma la Dr Banda litawalanda pasipoti adakapeza pobisala ku Sweden. Adatsogolera bungwe la CODESRIA ku Dakar kuyambira 1986 mpaka 1996, kenaka la UNRISD ku Geneva kuyambira 1998 mpaka 2009, asanapite ku London School of Economics. Adamwalira ku Stockholm mu 2020. Munthu wotere akamanena kuti kusabwerera si nthawi zonse pamene kumakhala kufuna kwa mwini, tiyenera kumumvera.

Nkhani ya 2014 ndi imene imalowa m'kalasi mwenimweni. Ikuonetsa kuti zimene akatswiri a zachuma ankakhulupirira pa za Africa zidasinthasintha: m'ma 1960 ndi 1970 boma ndilo linkayembekezeka kutsogolera chitukuko, m'ma 1980 ndi 1990 msika udalowa m'malo mwake, ndipo pambuyo pake padabwera chisakanizo chotsindika za mabungwe ndi umphawi. Dandaulo la a Mkandawire ndi lakuti kusinthaku kudachitika popanda mtsutso wokwanira pakati pa Aafrica eni ake, ndipo akupempha kuti tiunike ntchito ya ukatswiri wa zachuma payokha: ndani amalipira kafukufuku, nanga ndani amaphunzitsa ophunzitsawo. Apa ndikugwirizana nawo kwathunthu. Umboni wina ukuchokera kumene ophunzira athu ankapitako. Pa kafukufuku amene adasindikizidwa mu 1987, David Colander ndi Arjo Klamer adafunsa ophunzira a zachuma m'mayunivesite otchuka a ku America chimene chimapambanitsa munthu pa maphunzirowa, ndipo 3 peresenti yokha ndi imene idati kudziwa bwino chuma cha dziko n'kofunika kwambiri. Luso la masamu lidali patsogolo kutalitali. Ngati zidali choncho kwa mwana wa ku Ohio amene chuma cha kwawo chidali m'mabuku ake, nanga kwa wa ku Ntcheu kapena wa ku Chipata?

Pofika apa ndi pamene ndikuona kuti chithunzi cha mibadwo itatu chikuperewera. Nsanamira zake ndi ziwiri: kumene munthu adaphunzira, ndi ngati adabwerera. Chiyankhulo si nsanamira ya kagawidweka. Koma wophunzira wa zachuma amawoloka mitsinje iwiri. Woyamba ndi Chingerezi, chimene nthawi zambiri amauzidwa kuti atsimikize pa mayeso a TOEFL kapena IELTS ngakhale wachiphunzira kuyambira ali wamng'ono. Wachiwiri ndi masamu, amene amayamba kumuyesa pa mayeso a GRE n'kudzamumiza m'chaka choyamba, pamene sabata ndi sabata amalimbana ndi mafunso a zizindikiro zokhazokha. Akatuluka amakhala ndi luso lenileni, ndipo sindikulinyoza. Koma luso limenelo lakhazikika m'ziyankhulo ziwiri zimene mlimi wa fodya, wogulitsa usipa kapena mayi wa banki m'khonde sazigwiritsa ntchito. Thupi likhoza kutera pabwalo la ndege la Kamuzu nzeru zikadali m'chiyankhulo cha kumene zidachokera.

Izi zikusokoneza chiyembekezo chimene ena amachiika pa m'badwo wachitatu, chakuti popeza udaphunzira kwawo ndiye kuti uli pafupi ndi anthu. Bungwe la African Economic Research Consortium, limene lidakhazikitsidwa ku Nairobi mu 1988, lidayambitsa mu 1993 digiri yachiwiri yochitira pamodzi mayunivesite angapo, ndipo ophunzira ochokera m'maiko osiyanasiyana ankakumana ku Kenya kudzamaliza maphunziro osankha. Lidathandizadi kuti munthu asamachite kupita ku Britain kuti akhale katswiri. Koma mabuku, mayeso ndi chiyankhulo zidali zomwe zija. Wophunzira wotere adali mlendo m'kalasi ngakhale sadawoloke nyanja.

Wina adzati Chichewa chilibe mawu okambira zinthu zozama chotere. Yankho langa lili m'mabuku a akatswiri omwewo. Kafukufuku wa boma la Malawi wa m'makomo amafunsa za ganyu pogwiritsa ntchito liwu lomwelo m'kati mwa Chingerezi, chifukwa palibe liwu la Chingerezi lonyamula zonse zimene ganyu amatanthauza: ntchito ya tsiku kapena ya ndime, malipiro a ndalama kapena a chimanga, ubale wa wolemba ndi wolembedwa, ndiponso munda wa waganyuyo umene ukumera thengo iye akupalira wa mnzake. Liwu la thangata likusunga mbiri yonse ya m'mene kuthandizana kwa pamudzi kudasandutsidwira ntchito yokakamiza m'minda ya azungu, nkhani imene a J.A.K. Kandawire adailembera buku mu 1979. Katapila si ngongole wamba. Liwulo limanena kukula kwa chiwongoladzanja pamodzi ndi kusowa pogwira kwa wokongolayo. Mawu amenewa ndi zida zoganizira zimene anthu adazisula okha poyang'ana chuma chawo.

Ngakhale malamulo a chiyankhulo amatithandiza. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo anthu ankanena zinthu ziwiri: ena ankati kwacha yagwa, ena ankati agwetsa kwacha. Chiganizo choyamba chilibe wochita. Ndalama yagwa yokha ngati mango akupsa. Chachiwiri chili ndi msintho wochititsa, ndipo msintho umenewo ukufuna mwininkhani, munthu woti afunsidwe. Kusiyana kumene wophunzira amakuloweza m'Chingerezi ndi mawu awiri aatali, kwa ndalama yotsika mphamvu pamsika ndi yotsitsidwa mwa lamulo, Chichewa chimakupanga ndi kachidutswa kamodzi ka mneni. Sindikubisa kuti pali pena pamene timapunthwa. Mnzanga wina wophunzitsa zachuma adandiseka kuti ife a ziyankhulo tidalephera kulekanitsa kukwera mitengo kwa m'sitolo ndi kukwera mitengo kwa anyani. Ndidamuyankha kuti msika wonse wa ku Limbe sudasokonezepo ziwirizi, ndi kuti chimene chikusowa ndi katswiri wofuna kukhala pansi nafe kuti tipeze m'mene tinganenere kusiyana kwa kukwera kwa mtengo wa chinthu chimodzi ndi kukwera kwa mitengo yonse kosalekeza. Ntchito imeneyo wa ziyankhulo sangaigwire yekha.

Kungakhale kulakwira a Mkandawire kunena kuti sadaione nkhani ya chiyankhulo. Buku limene adalisonkhanitsa mu 2005, "African Intellectuals", lili ndi liwu loti chiyankhulo pamutu pake penipeni, ndipo adapatsamo malo Ngugi wa Thiong'o ndi Beban Sammy Chumbow kuti aikambe. Chondivuta ndi chakuti nkhaniyo idakhala m'chipinda chakechake, cha alembi ndi a ziyankhulo, pamene ya maphunziro a zachuma idakhala m'chipinda china. Chonsecho mfundo yawo ya 2014 ikufuna kuti zipindazi zilumikizane. Ngati vuto ndi lakuti ziphunzitso zidabwera n'kupita popanda mtsutso, tiyenera kufunsa kuti mtsutsowo ukadachitika m'chiyankhulo chanji. A Mkandawire adatchukanso ndi ganizo lakuti maiko ambiri a mu Africa adalandira demokalase yopanda chosankha, popeza mfundo zazikulu za chuma zinkamangidwa ndi obwereketsa ndalama anthu asanavote. Pa zifukwa zimene adapereka ndikuwonjezerapo chimodzi: wovota wa ku Mchinji ankamva za mfundozo kudzera mwa womasulira nkhani wa pawailesi, amene adali ndi mphindi zochepa zopezera mawu a Chichewa a zinthu zimene katswiri adaziphunzira zaka zisanu m'Chingerezi.