Cape Town ya Duiker ndi Cape Town ya FIFA

K. Sello Duiker anamwalira mu Januwale 2005, patangotha miyezi 8 dziko la South Africa litasankhidwa kuti lichititse mpikisano wa mpira wa Chikho cha Dziko Lonse wa 2010. Mpikisanowo sanawuone. Komabe mabuku ake awiri, Thirteen Cents la 2000 ndi The Quiet Violence of Dreams la 2001, amathandiza wowerenga kumvetsa zimene mzinda wa Cape Town unachita podzikongoletsera alendo. Mfundo imene mabukuwa akutsindika ndi yakuti mzindawu umakonda thupi la munthu wosauka likakhala pa malonda, koma mwini thupilo sufuna kumuona.

Mpangankhani wamkulu mu Thirteen Cents ndi Azure, mwana wamasiye wakhungu lakuda koma wamaso abuluu, amene amagona panja ku Sea Point. Amalondera galimoto za anthu, ndipo njala ikakula amagonedwa ndi abambo achizungu kuti apeze ndalama. Duiker amalola mwanayo kusimba yekha nkhani yake, ndipo amaisimba mosadzimvera chisoni, ngati wamalonda amene akuwerengera phindu la tsikulo. Kuuma kwa mawu akewo ndi kumene kumapweteka wowerenga.

Sea Point ili pafupi ndi Green Point, kumene kunamangidwa bwalo la mpikisanowu ndi ndalama zoposa R4 biliyoni. Poyamba akuluakulu a mzinda ankafuna bwalo la ku Athlone, dera la anthu opeza movutikira amene amakonda mpira, koma a FIFA anakonda malo oonetsa nyanja ndi phiri la Table Mountain. Mu 2007 khonsolo inakhazikitsa lamulo lokhwimitsa zinthu kwa opemphetsa ndi ogona m'misewu, ndipo chaka chomwecho inamanga Blikkiesdorp, mudzi wa zisakasa zamalata ku Delft, kutali ndi pakati pa mzinda. Ena mwa okhala kumeneko ananena kuti anasamutsidwa pofuna kuwabisa kwa alendo, zimene khonsolo inakana. Kaya zoona zili mbali iti, Azure analibe malo pa chithunzi chimene FIFA inkafuna.

Buku lachiwiri likufika pa nkhani yovuta kwambiri. Tshepo, atatuluka m'chipatala cha odwala matenda a maganizo cha Valkenberg, akuyamba ntchito ku Steamy Windows, nyumba imene amuna amagulitsa thupi kwa amuna anzawo. Poyamba akukhulupirira kuti wapeza ubale wosayang'ana khungu. Pambuyo pake akuzindikira kuti tsankho lilipo ngakhale m'malo achisangalalo a amuna okondana okhaokha, ndipo akuchoka kupita ku Johannesburg. Malo amenewa, makamaka dera la De Waterkant, ndi amene otsatsa malonda a zokopa alendo ankaonetsa monga umboni wa ufulu. Ufuluwo unalipodi m'malamulo: malamulo oyendetsera dziko a 1996 analetsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda, ndipo mu 2006 maukwati a amuna kapena akazi okhaokha analoledwa. Koma mu Febuluwale chaka chomwecho Zoliswa Nkonyana, mtsikana wa zaka 19, anaphedwa ku Khayelitsha chifukwa chokonda akazi anzake. Pamene alendo ankaimba malipenga a vuvuzela ku Green Point, mlandu wake unali ukungoimitsidwa kukhoti. Chigamulo chinabwera mu 2011. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ogulitsa thupi nawo anakumbukiridwa chifukwa cha alendo basi. Mu 2007 mkulu wa apolisi, Jackie Selebi, anapereka maganizo oti ntchitoyi iloledwe pa nthawi ya mpikisano. Funso lake linali la chisangalalo cha wogula, osati chitetezo cha wogulitsa, ndipo lamulo la 1957 loletsa ntchitoyi silinasinthe.

Mabuku awiriwa ali ndi malire ake. Amazika maso pa anyamata a pakati pa mzinda, ndipo moyo wa mtsikana ngati Nkonyana sakuufikira. Ndiponso kumapeto kwa Thirteen Cents nkhani imathawira m'masomphenya a chiwonongeko pamwamba pa phiri, ngati kuti mlembi wasowa njira ina yopulumutsira mwanayo. Komatu kuthawako kuli ndi tanthauzo. Phiri limene otsatsa malonda amaliika kumbuyo kwa bwalo kuti chithunzi chikongole ndi lomwelo limene Azure amakwera chifukwa m'munsi mwake mulibe malo oti n'kugona mwamtendere. Wophunzira amene akufufuza za masewero aakulu ndi malonda a mizinda angachite bwino kuika mabukuwa pambali pa malipoti a ndalama, pakuti malipotiwo amawerenga alendo amene anabwera, pamene Duiker anali atalemba kale za anthu amene anayenera kuchoka kuti alendowo apeze malo.