Makiyi a mtengo ndi msewu umene sitinauone: za filimu ya Escape from Pretoria

Mafilimu a akaidi othawa m'ndende amayenda malonda kwathu kuno ku Lundazi. Anyamata oika mafilimu m'mafoni pamsika amadziwa kuti akakhala ndi ya munthu wodumpha mpanda, agalu ali pambuyo, helikoputa ikulira m'mwamba, makasitomala sasowa. Ambiri mwa mafilimu amenewa amafanana ngati mapasa: zipolopolo zimavumba ngati mvula, wothawayo amagwa m'mtsinje, amadzuka, n'kupitiriza ulendo ngati palibe chachitika. Escape from Pretoria, imene inatuluka mu 2020 motsogozedwa ndi Francis Annan, ndi yamtundu wina. Othawa ake alibe mfuti. Adani awo ndi zitseko, ndipo chida chawo ndi tizidutswa ta matabwa. Ndaionera kangapo, ndipo ndimaikonda. Koma ndili nayo mlandu umodzi: imatha pamene nkhani ya kupulumuka ikuyamba kumene, ndipo mbali imene inasiyidwayo ndi imene ikutikhudza ife a dziko lino.

Nkhani yake inachitikadi. Tim Jenkin ndi Stephen Lee anali azungu achinyamata a ku South Africa amene ankagwirira ntchito chipani cha ANC mobisa, nthawi ya ulamuliro wa tsankho. Ankatchera m'misewu timabomba ting'onoting'ono tomwaza timapepala ta uthenga wa chipanicho. Anagwidwa mu 1978, ndipo khoti linalamula kuti Jenkin akhale m'ndende zaka 12, Lee zaka 8. Anawatsekera ku Pretoria, m'chigawo chosungiramo azungu omangidwa pa zifukwa za ndale. Pa 11 December 1979, iwo awiri pamodzi ndi mnzawo Alex Moumbaris anadutsa zitseko 10 n'kutulukira pamsewu. Makiyi otsegulira zambiri mwa zitsekozo anawasema ndi Jenkin.

Mphamvu ya filimuyi ili pa ulemu umene ikupereka ku ntchito ya manja. Daniel Radcliffe, amene ambiri timamudziwa ngati Harry Potter, akusewera Jenkin ngati munthu wamantha, wa thukuta m'manja, wosalankhula zambiri. Maso ake sachoka pa mulu wa makiyi wolendewera m'chiuno mwa mlonda. Amaloweza kukula kwa dzino lililonse la kiyi, amakajambula usiku, amaba kathabwa m'shopu ya ukalipentala ya m'ndendemo, amakapala ndi tupa, amakayesa, kakana, amakapalanso. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi kalipentala akulowetsa chitseko m'felemu yopotoka adzazindikira kuleza mtima kumeneku. Kamera imayandikira kwambiri pa kabowo ka kiyi, pa zala, pa timano ta mtengo tikulowa m'chitsulo, ndipo mtima wa woonera umagunda chifukwa cha funso laling'ono kwambiri: kathabwaka kathyoka kapena katembenuka?

Pali chitseko china chimene kabowo kake kali kunja, kosafikika ndi dzanja la munthu amene ali m'kati. Jenkin amamangirira kiyi ku ndodo ya tsache, n'kuitulutsira pazenera kuti atembenuze kiyiyo ali m'chipinda chake. Usiku wina kiyi imagwa pansi panja, mlonda ali pafupi kudutsa, ndipo iye amaivuula ndi chingamu chomata kunsonga kwa ndodo. Pena atatuwo amabisala m'kabati yothina, atagwira chitseko ndi kawaya kopanira mapepala, mapazi a mlonda akumveka pafupi. Palibe bomba limene likuphulika, koma simungapite kukamwa madzi. Amene amalemba masewero a pa wailesi kapena kujambula mafilimu ndi ndalama zochepa kuno ku Eastern Province ali ndi chophunzirapo. Kuti woonera akhale m'mphepete mwa benchi, pamafunika kuti adziwe bwino chimene munthu akufuna, chimene chikumutchinga, ndi chimene ataye akalephera.

Zofooka zazing'ono zilipo. Filimuyi inajambulidwa ku Adelaide m'dziko la Australia, ndipo amene anagwirako ntchito ku Joni adzamva msanga kuti Chingerezi cha osewera ambiri si cha kumeneko. Alonda a ndende onse ndi ankhanza kapena opusa, nkhope zofiira, kukuwa basi. Zimenezi ndingathe kuzikhululukira. Chimene chimandivuta kwambiri ndi momwe filimuyi ikuchitira ndi anthu ena onse amene anachititsa kuti atatuwa akhale ndi moyo.

Tiyambe ndi Moumbaris. M'filimu mulibe dzina lake. M'malo mwake anaikamo munthu wopeka, Mfalansa wotchedwa Leonard Fontaine. Dzinali likukumbutsa filimu yakale ya Robert Bresson, A Man Escaped ya mu 1956, imene mkaidi wake, Fontaine, amagumula chitseko ndi supuni m'ndende ya Montluc ku Lyon. Kulemekeza akuluakulu a luso lako n'chinthu chabwino. Koma mtengo wake ndi wakuti munthu weniweni, amene anali m'ndende kuyambira 1972, zaka zambiri Jenkin asanafike, wafufutidwa m'nkhani ya moyo wake womwe. Ndiponso phunziro lalikulu la Bresson silinatengedwe. Mu filimu ija, Fontaine atakonza zonse yekha amaikidwa m'chipinda chimodzi ndi kamnyamata kosadziwika bwino, ndipo ayenera kusankha kukakhulupirira kapena ayi. Pamapeto zimaoneka kuti popanda kamnyamatako sakanadutsa khoma. Bresson ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Annan amakonda kwambiri mutu wa Jenkin.

Wachiwiri ndi Denis Goldberg, amene anaweruzidwa pamodzi ndi Nelson Mandela pa mlandu wa Rivonia mu 1964 ndipo anakhala m'ndende zaka 22. Ian Hart akumusewera ngati mkulu wotopa amene nthawi yambiri akuletsa anyamata kuthawa, n'kudzathandiza kumapeto kwenikweni. Goldberg weniweni anali m'gulu lokonza ulendowu, ndipo usiku wothawawo anatangwanitsa mlonda kuti anzake adutse. Iye anatsala, akudziwa kuti mkwiyo wa boma ugwera otsala, ndipo anatuluka mu 1985. Kwa ine ameneyu ndiye munthu wovuta kumumvetsa, woyenera nthawi yambiri pa kanema. Kodi munthu amamva bwanji potsegulira anzake njira iye n'kubwerera pa bedi lake la m'ndende? Filimuyi inafuna munthu wotsutsa kuti nkhani ikome, ndiye inamupatsa Goldberg udindo umenewo.

Wachitatu ndi mlonda amene anali pa ntchito usiku umenewo. Akuluakulu sanakhulupirire kuti makiyi a mtengo angatsegule ndende yawo, choncho anamugwira n'kumuimba mlandu wothandiza akaidi. Zinatengera Lee, ali kale kunja kwa dziko, kulemba umboni wakuti bamboyo sankadziwa kanthu, ndipo khoti linamumasula. Taganizani: mkaidi wothawa akupulumutsa womulondera. Wolemba aliyense angalakelake nkhani yotere, koma m'filimuyi sitiiona ikuseweredwa.

Ndiye pali anthu akuda. Filimu yonena za tsankho ku South Africa, koma anthu akuda akungodutsa ngati zithunzithunzi. Wina anganene kuti ndende inali yosankha mitundu, ndiye kamera ikanawapeza kuti? Yankho lili pafupi kwambiri. M'malo omwewo a ndende za Pretoria ndi mmene munali chingwe chonyongera anthu. Pa 6 April 1979, miyezi imene Jenkin ankasema makiyi ake, Solomon Mahlangu, msilikali wa Umkhonto we Sizwe wa zaka 22, ananyongedwa komweko. Jenkin ndi Lee anamangidwira nkhondo yomweyo imene Mahlangu anafera. Popanda kulemera kumeneku, woonera wachinyamata amene sanaphunzire mbiri angaganize kuti akuonera masewera a nzeru pakati pa mzungu wochenjera ndi azungu opusa. Amene akufuna mbali inayo aonere Kalushi, filimu ya Mandla Dube yonena za Mahlangu, ndipo aziike ziwirizi pamodzi.

Chitseko chomaliza chimakana makiyi, ndipo amachigumula ndi chitsulo chosemera matabwa. Atatuwo amatuluka, amayenda pamsewu ngati anthu wamba, amakwera takisi ya dalaivala wakuda, amaseka, nyimbo imakwera, basi filimu yatha. Zotsala zonse zimangotchulidwa m'mizere yochepa yolembedwa kumapeto. Koma pa nthawi imeneyo anali asanapulumuke. Anali m'kati mwa dziko limene apolisi ake onse ankawasaka. Lee anapatukana ndi anzake ku Johannesburg n'kukabisala kwa anthu amene akanamangidwa akanapezeka naye. Jenkin ndi Moumbaris analowera ku Swaziland, kenako ku Mozambique. Ulendowo unadzera ku Angola, ndipo kumayambiriro kwa January 1980 atatuwo anaonekera pamsonkhano wa atolankhani ku Lusaka ali ndi Oliver Tambo. Dziko lonse linaona nkhope zawo ali mfulu pa nthaka ya Zambia.

Nthaka imeneyo sinali yaulere. Boma la Kenneth Kaunda linasunga likulu la ANC ku Lusaka komanso omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndipo anthu wamba analipira. Mu October 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa ku Chikumbi kumpoto kwa Lusaka. Mu April 1979 asilikali awo analowa mu Lusaka mwenimweni n'kugumula nyumba ya Joshua Nkomo. Chakumapeto kwa 1979, masabata ochepa Jenkin asanatembenuze kiyi yake yomaliza, anaphwanya milatho ya pa Chambeshi, ndiponso wa pa Chongwe, pamsewu wa Great East umene ife a kum'mawa timadalira. Khomo limene atatuwa analowera linali la nyumba imene inkaponyedwa miyala chifukwa cholandira alendo otere.

Mwina chifukwa chokhala m'boma la m'malire, sindingathe kuona munthu wothawa popanda kufunsa kuti wamwa madzi kwa yani. Kuno malire ndi mzere wodutsa pakati pa abale. Wina amalima ku Zambia, maliro a amalume ake amakalira ku Mzimba kapena ku Kasungu, kudzera pa Lusuntha kapena m'tinjira ta njinga. Dzina la Mwase lili pa ufumu kuno ku Lundazi, lilinso ku Kasungu. Anthu otere amadziwa kuti wothawa sapulumuka ndi miyendo yake yokha. Pamakhala mayi amene wamuphikira nsima osafunsa dzina, mnyamata amene wamuonetsa pooloka, mfumu imene yamva koma yasankha kusamva. Chigawo chathu chinaonanso zimenezi pamene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza midzi ya m'malire m'zaka za m'ma 1980, ambiri n'kudzakhazikitsidwa ku Ukwimi.

Timadziwanso kuti kuoloka malire sikutsimikiza moyo. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anathawa ulamuliro wa Kamuzu Banda n'kukhala kunja kwa Malawi zaka zambiri. Pa 24 December 1981 anagwidwa kuno kum'mawa, m'dera la m'malire la Chipata, n'kutengeredwa ku Malawi. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992, ndipo Vera anatuluka mu January 1993. Panangodutsa zaka ziwiri kuchokera pa kuthawa kwa ku Pretoria kufika pa kugwidwa kwa a Chirwa, ndipo dziko lothawirako linali limodzi. Ena linawasunga, ena anatsomphoredwa m'manja mwake. Filimu imene ikutseka nsalu pa geti la ndende ikuphunzitsa woonera kuti ufulu uli kuseri kwa chitseko chomaliza, pamene mbiri ya chigawo chathu chomwe ikutsutsa zimenezo.

Ndikudziwa yankho la okonza mafilimu: simungaike zonse m'maola osakwana awiri, ndipo nkhani yothina ndiyo imagwira mtima. N'zoona, ndipo kuthina kumeneku ndi kumene ndakuyamikira poyamba paja. Koma kusankha posiyira nkhani ndi kunena kuti wofunika ndani. Mphindi khumi zochotsedwa pa kukuwa kwa alonda zikanakwana kutionetsa usiku umodzi wa Lee m'nyumba ya munthu wonjenjemera, kapena Goldberg m'mawa mwake alonda atapeza mabedi atatu opanda anthu. Jenkin mwiniwake sanathere pa takisi ija. Patapita zaka anakonza njira yachinsinsi yotumizirana mauthenga pa kompyuta, yolumikiza atsogoleri a ANC ku Lusaka ndi anzawo obisala m'kati mwa South Africa, pa ntchito yotchedwa Operation Vula. Wosema makiyi uja anadzakhala wolumikiza anthu.

Ioneni filimuyi. Ionereni chifukwa cha manja a Radcliffe, chifukwa cha phokoso la kiyi ya mtengo m'loko wachitsulo, ndiponso kuti ana athu adziwe kuti panali azungu amene anataya ufulu wawo pokana tsankho. Koma gawo lachiwiri, la msewu, la malire, la olandira alendo, a ku London ndi ku Adelaide sadzatijambulira. M'midzi ya kwa Mwase, kwa Magodi ndi kwa Kapichila mukadali agogo amene anaona anthu akuoloka usiku m'zaka zovuta zija, ndipo chaka chilichonse akucheperachepera. Olemba athu apite ndi kope ndi foni akawafunse amene anabwera, anadya chiyani, anagona pati, ndi amene anakhala chete kuti mlendoyo aone m'mawa.