Hatchi ya m'buku nayonso imve njala

Ndatopa nawo mahatchi a m'mabuku a nthano amene amathamanga usiku wonse osamwa madzi, m'mawa n'kufika pachipata cha mfumu opanda ndi thukuta lomwe. Wokwerayo amatsika n'kuisiya hatchi poteropo ngati njinga yamoto ya kabaza, ndipo wolemba saikumbukanso mpaka pamene wina afunika kuthawa. Ndiye mumve oweruza mabuku akuyamikira kuti wolembayo anafufuza mozama, chikhalirecho wangotchula mitundu ya mahatchi, uyu Arabian, uyo Thoroughbred, ndi dzina la lamba aliyense wa pachishalo. Mayina amenewo aliyense angawatole pa intaneti madzulo amodzi.

Chimene wolemba ayenera kukaphunzira kukhola ndi zimene hatchi singathe. Ikathamanga liwiro lake lonse, mphamvu zimatha pakangodutsa makilomita ochepa. Chifu chake n'chaching'ono, choncho imadya pang'onopang'ono pafupifupi tsiku lonse, komanso siitha kusanza, moti kupotokola kwa m'mimba kumatha kuipha. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, chimene chili kumchira kwenikweni sichioneka, n'chifukwa chake woidzera mozemba kumbuyo amalandira chiboda. Imeneyitu ndi nkhani kale! Munthu amene adani ali m'mbuyo mwake, koma ayenera kuima kuti chiweto chidye, amandigwira mtima kuposa ngwazi youluka pamsana pa hatchi yosatopa.

Pa kaphunzitsidwe ndiye pamandinyansa kwambiri. Mnyamata amayang'ana hatchi yolusa m'maso, iyo n'kuzolika, basi yaweteka. Bodza lenileni. Wophunzitsa amakoka chingwe pang'ono kapena kupanikiza ndi mwendo, ndipo hatchi ikangosuntha momwe akufunira, amamasula nthawi yomweyo. Kumasulako ndiye phunziro. Akachedwa pang'ono chabe, hatchi sidziwa chimene yachita bwino, ndipo mawa ayambiranso. Khalidwe la munthu, kuleza kwake kapena ukali wake, limaonekera m'dzanja limenelo, wolemba osafunika kutiuza.

Anna Sewell anazidziwa izi ndi thupi lake. Anavulala akakolo ali ndi zaka 14, ndipo moyo wake wonse kuyenda kunali kovuta, choncho ankadalira ngolo yokokedwa ndi hatchi. Buku lake, Black Beauty, linatuluka mu 1877, iye n'kumwalira patangotha miyezi 5. Ena amalinyoza kuti ndi la ana, poti hatchi ndi imene ikusimba nkhani. Awerengenso! Taonani mmene akulongosolera kalamba kamene olemera a ku England ankamangira mutu wa hatchi m'mwamba kuti izioneka yonyada pamsewu. Hatchi yokoka katundu pachitunda imafuna kutsitsa mutu n'kuponya thupi kutsogolo. Ikamangidwa chotero, kulemera konse kumagwera pamsana ndi miyendo, khosi limawawa, mpweya umavuta, thovu n'kumatuluka kukamwa. Sewell sanasowe kulalikira za nkhanza za anthu apamwamba, kalambako kakunena zonse. Ndipo Ginger, hatchi yaikazi yoluma ija, ukali wake uli ndi chiyambi chake: anaiphunzitsa mokakamiza, ndi chikwapu, popanda woilankhula mofatsa. Kudziwa kotereku kumachokera pa zaka zogwira zingwe ndi kuyang'ana makutu a hatchi, kuti akagonera kumbuyo pali chimene chalakwika.

Mabuku a hatchi yolira misozi mbuye wake akamwalira sindiwawerengera n'komwe. Wolemba Dick Francis, amene anali pamsana pa hatchi yotchedwa Devon Loch pamene inagwa pafupi ndi mapeto a mpikisano wa Grand National mu 1956, ankawadziwa mahatchi, koma m'mabuku ake nthawi zambiri amathamangira kwa wakuba ndi wakupha.

Tolstoy yekha ndiye ndingamuike pambali pa Sewell. M'buku lake, Anna Karenina, Vronsky, wokondedwa wa Anna, ali patsogolo pa mpikisano wa mahatchi, kwatsala ngalande imodzi yosavuta. Hatchi yake, Frou-Frou, ikudumpha bwinobwino, koma iye walephera kutsata kayendedwe kake, wakhala pachishalo nthawi isanakwane, msana wa hatchi wathyoka. Kulakwa kwa kamphindi kotereku angakulembe ndi munthu yekhayo wodziwa pamene thupi la wokwera liyenera kukhala hatchi ili m'malere. Kenako Vronsky, hatchi ili gone pansi, akuimenya ndi chidendene pamimba kuti idzuke, ndipo wowerenga wayamba kale kumuopera Anna.