Liu la Alien ndi Amalaŵi a ku Harare

Omasulira ambiri akakumana ndi liu la Chingerezi lakuti alien amathamangira kulemba kuti mlendo. Ife tikuti kumasulira kotere nkopereŵera, ndipo umboni wake uli ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara.

Liuli linaloŵa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300, ndipo gwero lake ndi Chilatini alienus, kutanthauza cha mwini wina. Kuyambira apo lasenza matanthauzo angapo: munthu wa dziko lina, khalidwe losazoloŵereka, mbeu kapena nyama yochokera kwina, ngakhalenso cholengedwa cha m'nthano chotsika kuchokera kuthambo. Palinso tanthauzo la m'malamulo, monga mu Aliens Act ya ku Britain ya 1905: munthu wosakhala nzika.

Tanthauzo lomalizali ndilo linazika mizu ku Southern Rhodesia. Anthu a ku Nyasaland amene anadza kudzagwira ntchito ku Salisbury ankatchedwa alien natives, mau aŵiri otsutsana okha. Ufulu wa 1980 utabwera, liuli linatsalira pa zitupa za ana awo obadwira konko. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, kulamula onse amene akanatha kukhala nzika za dziko lina kuti akane unzikawo. Ambiri analephera kuponya voti mu 2002. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo ndi la m'dziko la SADC.

Nanga liu lakuti mlendo lingasenze zonsezi? Iyayi. Kwathu mlendo ndi mame: amalandiridwa, amapheredwa nkhuku, ndipo m'maŵa amaperekezedwa. Mdzukulu wobadwira ku Mabvuku, wolankhula Chishona, wovina gule wamkulu wa agogo ake, alibe komperekeza. Kumutcha mlendo ndiko kuphimba nkhanza ya chitupa ndi nsalu ya ulemu.

Chicheŵa chili nawo mau ena. Obwera ndi liu la eni nthaka, ndipo limaluma monga alien. Machona ndi liu la otsala kumudzi, lodandaula za mbale wosabwerera. Munthu ndi mmodzi yemweyo, koma maina atatuŵa amasiyana malinga ndi pamene waima wotchulayo. Tsono womasulira, asanalembe, ayambe wafunsa kuti wolankhula ndani: wolandira, wothamangitsa, kapena wodikira kumudzi.