Mnyamata wa ku Pisa na mphunzitsi wake wosachulidwa dzina

Tengani pepala muyese kuculukitsa XLVII na XIX, osawasandutsa manambala athu a masiku onse. Simudzafika patali. Manje lembani 47 pamwamba, 19 pansi: mwana wa giledi 5 adzakuuzani kuti 893 tiyi asanazizile. Buku la a Keith Devlin la mu 2011, The Man of Numbers: Fibonacci's Arithmetic Revolution, lifotokoza mmene Ulaya anasiyila njila yoyamba ija n'kutenga yaciwili. N'lalifupi, cizungu cake n'cosavuta, ndipo olo amene munathawa masamu ku sekondale mungalimalize. Nalikonda, koma pali pamene nikangana nalo.

Leonardo anabadwila ku Pisa, ku Italy, ca m'ma 1170. Atate ake anali kugwila nchito yoimila amalonda a ku Pisa pa doko la Bugia, lelo Béjaïa ku Algeria, tauni imene inali kugulitsa sela wambili cakuti Afalansa mpaka lelo kandulo amaichula bougie. Anaitanitsa mwana wawo kumeneko, ndipo n'kumene anaphunzila kuwelengela na zizindikilo za Amwenye, 1 mpaka 9, pamodzi na 0. Aluya anali kuchula zilo kuti sifr. Leonardo analemba zephirum. Atayendayenda ku Egypt, Syria, Greece, Sicily na Provence, mu 1202 anatulutsa Liber Abaci, buku la mitu 15 m'Cilatini, n'kulikonzanso mu 1228.

Pamene a Devlin acita bwino kwambili ni poonetsa kuti bukuli linali la pamsika. Mitu yake ya pakati ikamba za mitengo ya katundu, kusinthana nsalu na tsabola, kugawana phindu pakati pa anthu amene asonkha ndalama zosiyana, na kusakaniza siliva na kopa popanga makobili. Amalonda akale sanali mbuli: anali kuwelengela mwamsanga na zala kapena na timiyala pa thabwa, n'kulemba yankho m'manambala a Aroma. Vuto linali lakuti akacotsa timiyala, nchito yonse yafafanizika, patsala yankho cabe. Njila yatsopano inasiya zonse papepala, moti mnzako angalondole mzele na mzele n'kuloza pamene walakwitsa, kapena pamene wamubela. Aliyense amene anasungapo kabuku ka nkhongole pa kantemba adziwa phindu la zimenezi. Ngakhale n'conco, anthu sanazilandile msanga. Mu 1299 gulu la osintha ndalama ku Florence linaletsa manambalawa m'mabuku ao, ndipo cifukwa cimene ambili amapeleka n'cakuti 0 ni wosavuta kumusandutsa 6 kapena 9 na kamzele kamodzi.

Mbali imene inanigwila mtima ni ya ku nyumba ya mfumu Frederick II. Kumeneko John wa ku Palermo anapatsa Leonardo mafunso omuyesa. Limodzi linali lakuti: peza nambala imene ukaiculukitsa na iyo yokha, n'kuwonjezela 5 kapena kucotsa 5, zotuluka zonse zikhalenso nambala yoculukitsidwa na iyo yokha. Yankho lake ni 41/12. Yesani: 41/12 kuculukitsa na 41/12 ni 1681/144, mukawonjezela 5 mupeza 2401/144, imene ni 49/12 kuculukitsa na 49/12, mukacotsa 5 mupeza 961/144, ya 31/12. Funso ili silingakugulitsileni olo thumba limodzi la makala, koma m'menemo munacoka Liber Quadratorum la mu 1225, buku lofufuza khalidwe la manambala eni ake. Ndipo masukulu a masamu a malonda amene anafalikila m'matauni a ku Italy ndiwo anakonza njila ya algebra ya pambuyo pake. Tartaglia, amene njila yake ya mafunso a x³ inafalitsidwa na Cardano mu 1545, anali kudyela kuphunzitsa masamu otelo. Kucokela pamenepo Bombelli mu 1572 anayamba kuwelengela na manambala ngati √−1, amene lelo mainjiniya a magetsi sangagwile nchito popanda iwo.

Manje kumene nikangana nalo. Za moyo wa Leonardo tidziwa zocepa kwambili, moti olo cithunzi cake ceni-ceni kulibe, koma buku lifuna ngwazi imodzi. A Devlin amufanizila na anthu amene anabweletsa kompyuta m'nyumba za anthu wamba m'zaka za m'ma 1980: sanaipange okha, koma anaifewetsa n'kuigulitsa. Fanizoli n'lokoma, ndipo n'loona mbali ina, koma limacititsa kuti onse amene analipo kale aoneke ngati otola nkhuni cabe, wophika n'kukhala mmodzi. Sinikunena kuti a Devlin abisa Aluya. Akamba za al-Khwarizmi wa ku Baghdad, amene ca m'ma 820 analemba buku limene linatipatsa liwu lakuti algebra, na za Abu Kamil wa ku Egypt, amene mafunso ake ambili apezeka mwa Leonardo. Koma nkhani imayamba kutentha pokhapo ikafika ku Italy. Bugia imadutsa ngati siteshoni ya basi. Komatu kamzele kolekanitsa nambala ya pamwamba na ya pansi, kamene tagwilitsa nchito mu 41/12, kapezeka kale m'buku la al-Hassar wa ku Maghreb m'zaka za m'ma 1100. Leonardo akalemba nambala yokhala na cigawo, amaika cigawo kumanzele, nambala yathunthu kumanja, mwa kawelengedwe ka Ciluya. Dzanja la mphunzitsi wake wa ku Bugia lioneka pa tsamba lililonse, koma Leonardo sanalembe dzina lake.

Cinanso, umboni wakuti masukulu aja anacokela kwa Leonardo ni wopyapyala kuposa mmene mutu wa buku uonetsela. Liber Abaci linali lalikulu, la m'Cilatini, losayenela mwana wa wamalonda. A Devlin atsamila pa zimene a Raffaella Franci anafotokoza mu 2003 za buku la pamanja la ca m'ma 1290 losungidwa ku Florence, limene iwo aona kuti linakopedwa ku kabuku kafupi ka Leonardo kamene kanatayika. Koma a Jens Høyrup a ku Denmark atsutsa: iwo aona kuti masamu a m'masukulu aja analowa ku Italy kudzela ku Spain na Provence. Ndipo ku Spain manambala 1 mpaka 9 analembedwa kale m'buku la amonke la mu 976. Mlandu uwu ukali m'khoti, ndipo muwelenge bukuli mukudziwa kuti wolemba aimila mbali imodzi.

Nanga akalulu? Ambili amudziwa Fibonacci cifukwa ca funso limodzi la m'mutu 12, la akalulu awili amene amaswana mpaka mapeya 377 pa caka: 1, 2, 3, 5, 8, 13, nambala iliyonse ni kuphatikiza ziwili za m'mbuyo. Dzina lake linamamatizidwa pa mndandandawu na Édouard Lucas m'zaka za m'ma 1870. Kwa imwe olemba ndakatulo na oimba, nkhani yake yakale ni yanu. Ku India, Virahanka, kenako Hemachandra ca m'ma 1150, Leonardo asanabadwe, anaupeza powelenga kagundidwe ka ndakatulo. Silabo yaifupi itenga kugunda kumodzi, yaitali kuwili. Mzele wa kugunda 4 ungaupange m'njila 5: ta-ta-ta-ta, taa-ta-ta, ta-taa-ta, ta-ta-taa, taa-taa. Wa kugunda 5 uli na njila 8, wa 6 uli na 13. Gogodani pa tebulo muziwelenge, koma za 6 mufunika pepala.