Mabuku Awiri a Mbiri ndi Kafunsidwe ka Akulu

Masiku ano ana athu ophunzira ayamba mwambo wokoma: pofika kumudzi atenga foni, nakhala pansi pakhonde ndi agogo ao, najambula mau ao, kuti mbiri ya banja isatayike pamene nkhalambazo zidzatisiya. Nchito imeneyi ndiiyamika. Koma ambiri a iwo abwerako ndi nkhani ya Kalonga ndi ya ulendo wocokera ku Uluwa, osadziwa ngakhale dzina la mai amene anabala agogo aowo. Kuti tione pamene pagona bvuto, tilinganize mabuku awiri amene olemba ace anawatola pakamwa pa akulu.

Loyamba ndilo Mbiri ya Acewa, la Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, yemwe uja analemba Nthondo, buku la 1933 limene analandira nalo mphotho. Mbiriyi inaturuka m'zaka za m'ma 1940, ndipo inamasuliridwa m'Cingelezi mu 1973. Ulemu umuyenera munthu ameneyu. Pa nthawi imene mbiri ya dziko lino inkayambira pa kufika kwa Livingstone, iye anafunsa akulu a mtundu wace, nalemba m'cinenero cathu za Kalonga ndi Undi, za Makewana wa ku Msinja, ndi za Mwase wa ku Kasungu. Akadapanda kutero, zambiri zikadapita kumanda.

Komatu buku ili ndi mbiri ya mipando ya ufumu, ndipo nduna ya mfumu posimba za makolo ilankhula monga munthu wa pabwalo la mlandu: dzina liri lonse limene ichula liri ndi malire a dziko amene liteteza, kapena ufumu umene liikira umboni. Sindinena kuti akuluwo ananama, iai. Ndinena kuti munthu wamba, mkazi wa pamtondo, ndi mkamwini wolima munda wa apongozi ace, malo ao m'mbiri yotere ngocepa. Cinanso ndi ici: bukuli lawerengedwa zaka zambiri, kotero kuti mau ace abwerera m'kamwa mwa anthu. Nkhalamba ya lero ya zaka 80 mwina inapitako kusukulu. Mukaifunsa kumene Acewa anacokera, kodi mudzadziwa bwanji ngati ikupatsani za ambuye ace kapena za Ntara?

Laciwiri ndilo The Story of an African Famine, la Megan Vaughan, mkazi wa ku Britain, loturuka mu 1987. Limanena za njala ya 1949 m'boma la Blantyre. Iye anawerenga makalata a Boma, komanso anakhala pansi ndi anthu amene anapulumuka njalayo, nawafunsa cimene anadya, kumene anapita, ndi amene anawathandiza. Ndipo taonani, amuna ndi akazi sanasimbe nkhani imodzi. Amuna anakumbukira maulendo atali ofuna cakudya. Akazi anakumbukira amuna amene anacoka osabweranso, nawasiya ndi ana. Cidandaulo cimeneci akazi anacisunga m'nyimbo zao za pamtondo, ndipo wolembayo anaziyesa nyimbozo umboni wolingana ndi kalata wa Bwana Disi. Pamenepa ndipo pali nzeru ya bukuli, pakuti sanasankhe mbali imodzi kuti nkhani isalale. Anasiya mau onse awiri atsutsane pamaso pa wowerenga. Cilema cace ncakuti liri m'Cingelezi ca akaswiri, ndipo adzukulu a amai amene anayimba nyimbozo ambiri sadzaliona konse.

Tsono mnyamata wa foni uja atsate njira iti? Ine ndiyesa yaciwiri. Za Kalonga zinalembedwa kale. Cimene palibe wina angatipatse ndico cimene maso a agogo anaona. Mwana amene anali ndi zaka 10 pa njala ija lero wapitirira zaka 85. Amuna amene anapita ku migodi ndi Wenela, ulendowo usanaletsedwe mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, atsala owerengeka. Afunseni za citupa, za ndalama zimene anatumiza, ndi za cimene anapeza kumudzi pobwera. Afunseninso akazi ao, koma paokha, cifukwa pamaso pa mwamuna mkazi wacikulire angobvomereza. Ndipo posankha wofunsa mukumbuke mwambo: mkamwini sangafunse apongozi ace aakazi za unamwali wao, koma mdzukulu aseka ndi agogo ace, nauzidwa zimene ana obala sanazimvepo. Poyamba kujambula, nenani dzina la wolankhula, mudzi wace ndi caka, kuti wakumva m'tsogolo adziwe mwini mau. Ndipo azakhali akatsutsana ndi amalume, musafufute mau a mmodzi.

Pali cinthu cimodzi cimene foni icita koma colembera ca Ntara sicinacite: isunga mau enieni a munthu, ndipo mauwo atha kufika mudzi wonse tsiku limodzi. M'mabanja ambiri muli gogo amene anafika ngati kapolo, kapena woperekedwa pa mlandu, kapena wothawa nkhondo ya Angoni, ndipo mbumba yace ilima lero pa nthaka imene ena angaitsutse atamva. Nkhalamba ikatsitsa mau pofika pamenepo, imitsani foniyo, nimuifunse ngati ilola kuti izi zisungidwe, ndiponso ndani ayenera kuzimva. Ikakana, mverani ndi makutu okha.