Mlendo ndi Mame: Kuunika Zolemba za Amishoni a Masabata Awiri

Chaka ndi chaka magulu a Akhristu odzipereka ochokera ku Ulaya ndi ku America amafika mu Blantyre, napita kumidzi kukamanga chipinda cha sukulu kapena kukagawa mankhwala. Pakatha masabata awiri amabwerera kwao, nalemba zimene adaona. Zolembazi zachuluka kotero kuti zasanduka mtundu wakewake wa nkhani, ndipo nkoyenera kuziweruza monga tiweruzira buku lililonse.

Tiyambe ndi kuyamika. Olemba ambiri ndi oona mtima. Amavomera kuti adalandira zambiri kuposa zimene adapereka, ndipo ena amachita manyazi ndi chuma chao.

Koma tikaziika pamodzi nkhanizi, tipeza kuti zonse zidaumbidwa m'chikombole chimodzi. Mlendo afika nadzidzimuka ndi umphawi. Aona ana akumwetulira nazizwa kuti osauka angathe kukondwa. Abwerera atasinthika mtima. Mwini nkhani ndi iye yekha. Katekisti amene adamtanthauzira mau, ndi mai amene adalawirira kukamtungira madzi osamba, alibe maina, ndipo maganizo ao sitiwamva. Mudzi wonse usanduka kalilole woti mlendo adziyang'anirepo.

Chitsutso chotere si chatsopano. M'chaka cha 1968, wansembe Ivan Illich adauza ophunzira odzipereka a ku America kuti abwere kudzaona ndi kudzaphunzira, koma aleke kudziyesa othandiza. Mu 2009 Steve Corbett ndi Brian Fikkert, Akhristu a mipingo ya Chiprotestanti, adatulutsa buku lotchedwa When Helping Hurts, lonena za thandizo limene limapweteka. Iwo amasiyanitsa zinthu zitatu: chithandizo cha pangozi, kukonzanso zimene zaonongeka, ndi chitukuko. Cholakwa cha maulendo aafupi, malinga ndi iwo, ndicho kupereka choyambacho pamene pakufunika chachitatu, ndi kuchitira anthu zimene angathe kudzichitira okha. Mfundoyi njolimba. Komabe bukuli lidalembedwera otumiza. Likuphunzitsa mlendo kuthandiza mwanzeru, koma mpando woweruzira ukadali wake.

Chimene chikusowa m'zolemba zonsezi ndi chiphunzitso cha Eklezia. Mlendo sakufika m'chipululu. Akufika mu Mpingo umene uli ndi Episkopi wake, akulu ake ndi manda a Akhristu ake. Papa Paulo VI adanena ku Kampala mu 1969 kuti Aafrika tsopano ndi amishoni a iwo eni, ndipo mu 1973 Maepiskopi a AMECEA adasankha miphakati kukhala maziko a moyo wa Mpingo kuno. Nkhani imene sitchula mphakati wa m'mudzimo yafotokoza nyumba niiwala eni ake.

Mbiri yathu yomwe ikutiphunzitsa. Ansembe Oyera adafika kwa Mponda mu 1889 nachoka mu 1891, osasiya Mpingo wokhazikika. Mizu idagwira pamene ansembe a Montfort adakhala ku Nzama kuyambira 1901, ndi Ansembe Oyera ku Mua kuyambira 1902, naphunzira chilankhulo, naika maliro pamodzi ndi anthu. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Mame amanyowetsa udzu m'mawa, koma palibe amabzala chimanga poyembekezera mame.

Tisaloze chala kutsidya kwa nyanja kokha. Mkhristu wa ku Kanjedza amene akwera galimoto Loweruka ndi matumba a ufa ndi zovala, kupita kunthambi ya parishi ina ku Phalombe kapena ku Mulanje, nayenso ndi mlendo, ngakhale alankhula Chichewa. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche, matope nakokolola nyumba ku Chilobwe, oyamba kukumba ndi makasu adali anansi. Pamenepo chithandizo chamsanga chidali choyenera ndithu, ndipo anthu a m'makomboni a Blantyre adalawa okha kuwawa kokhala pamzere wolandira. Amene adalawa zimenezi asabwerere kumudzi ndi kamera m'manja.

Sitikunena kuti maulendowa aleke. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Eklezia ndi mmodzi. Tikupempha kuti nkhani iliyonse yotere iyesedwe ndi mafunso atatu. Adaitana ndani, mlendo kapena Mpingo wa pamalopo? Eni mudzi akulankhula m'nkhanimo, kapena akungojambulidwa? Nanga pakatha chaka, ndani adzakonza mjigo ukathyoka?

Inu a m'seminale, amene mumatumizidwa kumaparishi kukaphunzira ubusa ndi kulemba lipoti pobwerera, mafunsowa ndi anunso. Musanapereke lipotilo kwa aphunzitsi anu, kaliwerengeni pamaso pa katekisti amene adakusungani, ndipo mlembe zimene iye adzakuwongolereni.